Kumene anagona matchona

Agogo anga aakazi anali ndi mlongo mmodzi yekha. Ndiye anayenera kukhala mwini mbumba wathu, woimirira pa milandu ndi pa maukwati, wolozera ana malire a minda. Anachoka pamudzi pathu, chakufupi ndi Lirangwe, njala ya 1949 itafika posauzana. Potsanzika anati akupita ku Halale kukasaka ndalama ya chimanga, abwera dzinja likudzalo lisanathe. Makalata anabwera awiri. Yachiwiri inafika pamodzi ndi bulangete, yolembedwa ndi dzanja la munthu wina poti iwo sukulu sanaipondeko, ndipo pamwamba pake panali dzina la malo: Shamva. Kuchokera pamenepo kunangoti zii.

Pamudzi nkhani yawo inkathera m'mawu amodzi, akuti anatchona. Mawu amenewa satchulidwa mwachifundo. Mtchona, m'makutu mwa anthu a kwathu, ndi munthu amene anakomedwa ndi buledi ndi magetsi n'kuiwala mimba imene inamubala. Akazi a m'badwo umenewo anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira, pakuti chaka cha njala chija amuna ambiri a m'midzi ya Blantyre ananyamuka kuti akukafuna chakudya, osabwereranso, ana n'kutsalira m'manja mwa amayi awo. Agogo okha ndiwo sankalola kuti mlongo wawo anenedwe choncho. Bulangete lija anafunda mpaka linasanduka sanza, ndipo kalata inakhala m'kati mwa Baibulo lawo kufikira tsiku limene tinawaika. Patapita zaka ndinaitenga kalatayo n'kukwera basi ya ku Harare. Sindinkayembekeza kukapeza munthu wamoyo. Ndinkafuna manda.

Njira imeneyi sanaiyambe ndi amalume a amayi angawo. Inatseguka ndi msonkho wa nyumba, umene boma la Harry Johnston linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama siinkamera m'munda wa mapira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lamulo linali lakuti wogwirira mzungu ntchito mwezi wathunthu apereke mashilingi 3, amene sanatero apereke 6. M'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu munali thangata, munthu kulipira ndi thukuta malo amene makolo ake anabadwira. Malipiro a kuno anali a mchere basi, pamene kutsidya kwa Zambezi migodi ya golide ndi mafamu zinkalira manja usana ndi usiku. Mu 1903 azungu a ku Southern Rhodesia anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito, Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analitcha chibalo chifukwa wolowamo sankasankha kokagwira, ankangotayidwa kumene ena onse akana. N'chifukwa chake ambiri ankakonda kuyenda pa selufu, ndi miyendo yawo ndi nzeru zawo.

Ochokera kumwera kuno ankadzera ku Mwanza, Zobue, kukaoloka Zambezi pa Tete mlatho usanamangidwe, kenako kudula tchire louma mpaka ku Mutoko. Unali ulendo wa masabata angapo. Ankayenda m'magulu, thumba la ufa pamutu, usiku kusonkha moto waukulu kuopa mikango, ufa ukatha kuima pamudzi wa eni ake kugwira ganyu. Ena anathera m'njira momwemo, ndipo manda awo palibe adzawaone. Kamuzu Banda anayenda ulendo wapansi wonga womwewu ali mnyamata, nakagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, asanapitirire ku Johannesburg. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anakhalapo kalaliki pa mgodi wa Shamva womwewo asanakayambitse bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ndipo mu 1927 antchito a pamgodiwo atanyanyala ntchito, otsogolera anali anthu a ku Nyasaland. Dzina lolembedwa pa kalata ya agogo lija, tsono, linali lodziwika kale m'midzi yathu.

Pofika 1935 boma lenilenilo linachita mantha ndi kuuma kwa midzi. Komiti imene linaika kuti ifufuze nkhaniyi inapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo pakati pawo panali ambiri amene kwawo anali atawataya kale mtima. Chaka chotsatira maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anapangana za kayendedwe ka antchitowa, ndi cholinga choti azibwerera. Koma nthawi yomweyo Southern Rhodesia inayamba kutumiza malole onyamula anthu osalipira, okhala ndi malo ogona ndi phoso m'njira, amene mpaka lero akuluakulu amawakumbukira kuti Ulere. Mu 1946 kunabwera Mthandizi, bungwe latsopano lolembera anthu ntchito za m'mafamu. Wenela nayo inali pakalikiliki kutengera anthu ku Joni, m'migodi ya ku South Africa. Dzanja limodzi linkati bwererani, linalo likukoka.

Lero ulendowu ndi wa tsiku limodzi ndi usiku wake. Pa Tete mumaoloka pa mlatho, pa Nyamapanda mudinditsa pasipoti, m'mawa muli mu Harare. Chovuta chimayamba mukatsika. Munthu amene ndinkamufuna analibe nambala imene ndinkaidziwa, chithunzi analibe, ndipo dzina limene ankaitanidwa nalo kwathu silinali limene ankadziwika nalo kumeneko. Ichi ndicho chimagwetsa ulesi ambiri ofufuza. Pa chitupa, kalaliki ankalemba zimene makutu ake amva. Pafamu, bwana akalephera kutchula dzina ankangopereka lake: Sikisipensi, Foloko, Supuni, Tiki. Ena ankasintha okha pothawa kontrakiti yankhanza, ena ankagula chitupa cha mnzawo. Munthu mmodzi ankatha kufa ali ndi mayina atatu, ndipo la kwawo n'kukhala lodziwika kwa anthu awiri okha a m'komboni.

Anandithandiza ndi a tchalitchi. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Nkhoma anapita ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kukatumikira anthu a ku Nyasaland, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare ya CCAP, imene inakhala sinodi payokha mu 1965. Mipingo yake inatsatira anthu m'migodi ndi m'mafamu, ndipo mabuku ake a ubatizo ndi maukwati ndi chuma chimene ife a kuno sitinachiwerengerebe. M'mabukumo dzina lathu sindinalipeze, popeza amalumewo sanali opemphera. Koma Lamulungu lina titaweruka, mkulu wa mpingo wina atamva zimene ndadzera anandifunsa mafunso amene palibe ofesi ikanandifunsa. Mfunda wawo? Mfumu yawo? Anali ovinidwa? Anali ndi chilema chilichonse? Nditanena za chipsera cha moto chimene chinapinda zala ziwiri za dzanja lamanzere, anakhala chete kaye, kenako anati: "Mwanangu, ine sindiwadziwa. Koma kuli agogo ena kufamu ina uko, chakumtunda kwa Mazowe. Ngati munthu wanuyo anafera dera lino, iwo anaphikapo pamaliro pake."

Komboni ya pafamupo ikadalipo, mizere iwiri ya nyumba za njerwa zosawotcha, ndi mabani a fodya amene madenga ake anasasuka kalekale. Agogowo ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Anabadwira pomwepo, bambo awo anali a ku Dedza, ndipo ku Malawi sanapondeko chibadwire. Koma Chichewa chawo chinali chakale, choyera, chonga cha agogo anga, chongothimbirira apa ndi apo ndi Chishona. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Mwachokera kumudzi?" Mawu akuti kumudzi anawatchula ngati akunena malo amene anachokako dzulo. Nditafotokoza za zala zija anaika lichero pansi. Anatchula dzina lachizungu limene sindinalimvepo, kenako anatchula mfunda wathu, kenako anatchula mudzi wathu molakwitsa pang'ono. Anati munthuyo anali woyendetsa ngolo ya ng'ombe, pambuyo pake mlonda wa mabani, ndipo anali katswiri wa ng'oma ya mbalule.

Kumanda sikulowedwa mwachisawawa, ndipo mwambo umenewu anthu a m'komboni anausunga. Tinayamba tapempha kwa mkulu woyang'anira dambwe, kenako kwa mwini munda watsopano, amene malowo anagwera m'gawo lake. Onse analola. Manda ali pakona ya famu, m'tsinde mwa kaphiri ka miyala, pamalo amene khasu la thirakitala silikanatha kulowa. Eni mafamu ankapereka malo otere, osalimika. Anzathu a Chishona akamwalira ankatengedwa kupita kumusha, kumudzi kwawo. Mnyasa analibe kotengedwera. Choncho pafupifupi famu iliyonse yakale ndi mgodi uliwonse wakale uli ndi kamsitu kake, ndipo mukawerenga timisitu timeneti kuyambira ku Shamva, Bindura, Mhangura, Chakari, Kadoma mpaka ku Kwekwe, mupeza kuti tili ndi midzi yathunthu ya akufa athu kunja kwa malire.

Ziliza zinalipo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zokha. Ena onse anali mitumbira yophwa, yokutidwa ndi masamba a mombo, ina italowa m'kati. Pamanda ena panali mbale ya chitsulo yobooledwa pakati ndi msomali, pena kapu yopanda chogwirira, pena mphika wosweka, monga timachitira kwathu. Pena anazika chimbale cha pulawo, atalembapo ndi penti imene dzuwa linadya kale. Mitanda yamitengo chiswe chinamaliza. Chakum'mawa, padera pang'ono, panali mzere wa Asilamu, Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, manda awo onse ataloza kumodzi. Mlendo akanangoona tchire. Koma agogo aja ankayenda ndi ndodo yawo ngati akudutsa m'mudzi nthawi ya madzulo, akutchula khomo ndi khomo: apa ndi a ku Ntcheu aja anagwa pa thirakitala, apa ndi mkazi wawo, apa ana atatu a chikuku a chaka chimodzi, apa Msena wa ku Mutarara amene analibe mbale ndi mmodzi yemwe. "Tinamuika ife," anatero. "Maliro n'kulirana." Anafotokoza za mabeneriya, timagulu tosonkherana ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzawo akafa papezeke bokosi, nsalu ndi ufa. Anthu opanda abale anapangana ubale wa pamaliro, ndipo unagwira ntchito kuposa mapangano onse a maboma atatu aja.

Anaima pa mtumbira wina pafupi ndi chulu, pamene panamera nkhadze wamtali kuposa munthu. Anati nkhadzeyo anabzala ndi mwana wa malemuwo. Pansi pake, nditapalasa masamba ndi manja, ndinapeza kapu ya enamelo yoyera, ya mkombero wabuluu, yoboola pansi. Ndinagwada pamenepo nthawi yaitali. Mawu onse amene ndinakonza m'basi anandithawa, ndipo ndinangotchula dzina lawo la kwathu ndi la mlongo wawo, n'kuwauza kuti bulangete linafika.

Mwana wobzala nkhadzeyo ali moyo, mayi wachikulire wokhala m'tauni ina yapafupi. Ndi iwo amene anandimasulira funso limene mudzi wathu unaliyankha molakwa kwa zaka zonsezi. Bambo awo, anati, chaka chilichonse ankanena zopita kwawo. Poyamba chinawaletsa ndi manyazi: munthu wochoka nthawi ya njala angabwerere bwanji chimanjamanja, anzake akubwera ndi njinga ndi makina osokera? Malipiro a pafamu ankathera ku sitolo ya pafamu pomwepo, ngongole ya mwezi uno kudya tikiti ya mwezi wamawa. Kenako anakwatira mkazi wa Chishona, ndipo apa ndi pamene panamangika mfundo imene ambiri a kuno saiganizira. Kwathu ana ndi a kwa mayi, ndipo munda umadzera kuchikazi. Kwa Ashona ana ndi a kwa bambo. Ana a mtchona, tsono, kwa amayi awo ankauzidwa kuti kwanu ndi ku Nyasaland, pamene ku Nyasaland akanafika akanauzidwa kuti kwanu ndi kumene kunachokera mayi anu. Bamboyo akanabwerera yekha akanalandiridwa ndi mbumba yake, koma ana ake akanakhala alendo opanda polima. Anasankha kukhala ndi ana. Ine sindingathe kumutcha munthu wotero woiwala kwawo.

Pamene ana anakula, njira inali itatsekeka. Nkhondo ya Frelimo inalowa m'chigawo cha Tete kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inayaka kumpoto chakum'mawa komweko kuyambira mu December 1972, antchito a m'mafamu ali pakati pa mfuti ziwiri. Mu 1976 Mozambique inatseka malire ake ndi Rhodesia, ndipo pambuyo pake nkhondo ya Renamo inachititsa msewu wa Tete kukhala wodutsa ndi asilikali mpaka 1992. Amalumewo anamwalira msewuwo usanatseguke bwino.

Zimene zinagwera ana ndi zidzukulu za matchona pambuyo pake n'zowawa kuzimva. Ankanyozedwa kale ndi mayina monga mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ndi mabwidi. Zitupa zawo zinkalembedwa kuti ALIEN ngakhale anabadwira m'dzikomo. Kulanda ndi kugawa mafamu kutayamba mu 2000, antchito a m'mafamu akuluakulu analipo oposa 300,000, ndipo pakati pawo panali ambiri a magazi a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ochepa okha ndiwo analandira minda. Robert Mugabe anawanena poyera kuti ndi anthu opanda mutupo, ndiko kuti opanda mfunda, chonsecho ndi Aphiri, Abanda, Ambewe ndi Amwale. Lamulo la 2001 linawalanda unzika onse amene sanakane mwalamulo unzika wa dziko la makolo awo, dziko limene ambiri sanalionepo. Malamulo aakulu a 2013 ndiwo anabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Sindikutsutsa kuti nthaka inayenera kubwerera kwa eni ake. Inalandidwa mwankhanza ndipo aliyense akudziwa. Koma pogawa paja panalibe anafunsa za timisitu tija. Makomboni atabalalika, manda anatsala m'minda ya anthu amene sadziwa ogonamo. Ena amawalemekeza, monga anachitira mwini munda amene anatilola ife. Kwina chimanga chafika m'mphepete mwenimweni mwa mitumbira, ndipo kwina makorokoza, okumba golide pawokha, akumba maenje mpaka m'tsinde mwa timapiri.

Komabe ife tinachita mwayi, pakuti tili ndi poti n'kuloza. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, komwe lero ndi Hwange, unaphulika n'kupha anthu 427, mwa iwo Amalawi 37. Matupi ambiri sanatulutsidwe; khomo la mgodi wa Kamandama linatsekedwa ndi konkire, ndipo mgodiwo ndiwo manda awo. Chaka chilichonse pa tsikulo anthu amasonkhana pamenepo, koma ndi mabanja angati a ku Malawi amene anafikako? Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobweza antchito kwawo inagwa itangonyamuka pa Francistown ku Botswana, n'kupha anthu 78, ambiri a iwo Amalawi amene anali atamaliza kontrakiti, katundu wa ana ali m'masutikesi. Ngozi imeneyo ndiyo inachititsa Kamuzu kuimitsa ulendo wa ku Joni, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutheratu mu 1988. Ofufuza a ku Joni ali ndi poyambira, chifukwa Wenela inkalemba nambala ndi zidindo za zala, ndipo mapepala ake ambiri akusungidwa ku University of Johannesburg. Wa pafamu sanalembedwe choncho. Ku nyumba zosungira mbiri za ku Zomba ndi ku Harare mupezako malipoti, ziwerengero ndi makalata a ma DC odandaula za msonkho wosaperekedwa, koma dzina la woyendetsa ngolo simulipeza. Kaundula wake ali m'mutu mwa agogo osenda nandolo aja, ndipo iwo maso ayamba kale kuchita nkhungu.

Ndisananyamuke tinakhala pansi ndi mwana wa malemu uja, msuweni wa amayi anga, kukambirana za chiliza. Ndinali nditaganiza zofukula mafupa kupita nawo kwathu, poti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Iwo anapukusa mutu. "Mukawatenga, ine ndizikalira kuti? Amayi anga agona pambali pawo." Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo sindinabwerezenso. Tinagwirizana zomanga pomwepo, nkhadze osamudula. Pa dzina tinakhalitsa. Iwo ankafuna lija la pafamu, poti ndilo adzukulu awo amalidziwa. Ine ndinkafuna la kwathu. Mmisiri anati malo alipo okwanira, ndipo analemba onse awiri pa simenti yaiwisi ndi msomali, la kwathu pamwamba, la pafamu pansi pake, kenako mfunda, kenako mudzi ndi mfumu yake, ndi mawu akuti Blantyre, Malawi. Chaka chobadwa tinasiya, popeza palibe ankachidziwa.

Ndinatapa dothi lodzaza manja awiri kumutu kwa mandawo n'kulimanga m'kansalu. Nditafika kumudzi, amayi anaitana akuluakulu a mbumba, anafulula thobwa, ndipo m'mawa mwake adzukulu anatitsogolera kumsitu. Anakumba kadzenje pambali pa manda a agogo, amayi anamasula kansalu kaja ndi manja awo, n'kuthira dothi lofiira la pafamu ija m'dothi lathu lakuda. Atatha anandifunsa ngati msuweni wawoyo ali ndi foni. Ndinawapatsa nambala, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ndinawamva kuseri kwa nkhokwe akufuula, monga amachitira akamaimba kutali, akufunsa mayina a ana mmodzimmodzi.